Mayi Wogawa Madzi ndi Wotchi Yake Yopukusa

Kudambo lina lotentha, kumene anthu amalima mpunga wamthirira, kunkakhala mayi wina wamasiye. Sanali wolemera, sanalinso wotchuka. Anali ndi kandime kamodzi ka mpunga, abakha ochepa, ndi nyumba yofolera udzu.

Sikimu yawo ya mthirirayo inali ndi ngalande imodzi yokha. Madzi ankachokera kumtsinje n'kufika pageti lachitsulo, ndipo pamenepo njira zinali ziwiri. Ukapotolera chigwiriro uku, madzi ankapita kundime za kumtunda. Ukapotolera uko, ankatsikira kundime za kumunsi. Lamulo lake ngakhale mwana akanatha kulisunga: kuyambira m'mawa mpaka 12 koloko masana madzi ndi a kumtunda, 12 koloko ikakwana madzi ndi a kumunsi mpaka dzuwa kulowa.

Kumtunda kunali ndime za anthu opeza bwino. Kumeneko n'kumene ankalima apampando a komiti ya sikimu, bambo wa chigayo ndi galimoto ziwiri. Kumunsi kunali nkhalamba, amasiye, ndi mabanja amene mpunga wawo ndiwo unali sopo, mchere ndi sukulu ya ana. Koma mvetsetsani ichi, abale anga, chifukwa nkhani yagona pamenepa: kandime ka mayi wathuyu kanali kumtunda. Malemu mwamuna wake anakapeza kalekale, ndipo kanachita malire ndi ndime za apampando.

Chaka china wogawa madzi anasamuka, komiti n'kusankha mayiyu kuti azitsegula ndi kutseka geti. A kumunsi anavomera chifukwa ankadziwa kuti sanama. A kumtunda anavomera chifukwa mumtima ankati, uyu ndi wathu, madzi akachedwa kuno nayenso apindula.

Vuto linali limodzi. Mayiyo analibe wotchi. Foni imene mwamuna wake anasiya inkangozimazima, ndipo kotchajitsa kunali kutali. Iye ankayang'ana chithunzithunzi chake pansi, chikafupika n'kumati masana akwana. Koma dzuwa silikhala mboni pamlandu. Wa kumunsi ankabwera n'kunena kuti nthawi yakwana kale. Wa kumtunda n'kuti ayi, ikadalipo. Tsiku lina amuna awiri anatukulirana makasu pageti pomwepo, ndipo mmodzi anabwerera kwawo chipumi chikuchucha magazi.

Mayiyo anati mumtima mwake, "Munthu asafe chifukwa choti ine ndilibe wotchi." Anagulitsa abakha ake atatu, namanga ndalamazo pansonga ya chitenje, nakonzeka kupita kuboma.

Nkhani siigona m'mudzi. Asananyamuke, apampando anatulukira pakhomo pake, kabokosi kali m'manja. Anakatsegula. M'katimo munali wotchi yaikulu, yolemera, yong'anima moti maso ankachita kuthobwa.

"Mayi, musavutike ndi ulendo," anatero apampando. "Mumatigwirira ntchito yaikulu. Valani iyi, ndi mphatso chabe."

Sindikunamizani kuti mayiyo sanaisirire. Anaisirira ndithu. Chibadwire chake anali asanavalepo chinthu chotero. Koma anakumbukira kuti bamboyu sanapondepo pakhomo pake, ngakhale pamaliro a mwamuna wake. Lero njira waidziwa bwanji?

"Zikomo, bambo, Mulungu akudalitseni," anayankha atapinda mawondo mwaulemu. "Koma nthawi ya anthu onse siingayendere wotchi ya munthu mmodzi. Ndikagula yanga."

Apampando anaseka, kuseka kwa mano okha. "Ndi abakha atatu?"

"Ndi abakha atatu omwewo, bambo."

Mayiyo anakwera minibasi n'kukafika kuboma dzuwa lisanakwere kwambiri.

Woyamba kumuitana anali venda wina pamsika, amene anayala mawotchi pathabwa. Onse anali achikasu ngati golide, ena ndi timiyala tonyezimira kuzungulira galasi. Mtengo wake unali wotsika, moti ndalama za mayiyo zikanakwana n'kutsalako za minibasi ndi za shuga.

"Iyi ndi ya mabwana, mayi," anatero vendayo. "Mukavala, kutchalitchi akupatsani mpando wakutsogolo."

Mayiyo anainyamula. Inali yopepuka ngati chikho chouma. Anaona timivi ting'onoting'ono m'katimo, nafunsa chifukwa chake sitinkayenda. Vendayo anati timeneto n'tokongoletsa chabe. Anafunsanso kuti batire likatha atani. Vendayo anati adzabwere kuboma adzagule lina.

"Ndiye tsiku limenelo madzi adikire ndibwereko kuboma?" anafunsa mayiyo, naibweza pathabwa. Akulu ananena kale kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kenako analowa m'sitolo yaikulu ya magalasi. Muja munali mawotchi enieni, abwino, olimba. Mtengo wa imodzi unkaposa mpunga wake wa chaka chathunthu. Wogulitsa anamuyang'ana kuyambira kumpango mpaka kumasilipasi, osamupatsa ndi moni yemwe. Mayiyo sanachite manyazi. Anayang'ana zonse modekha, ngati mmene munthu amayang'anira ng'ombe za eni, natuluka mutu uli m'mwamba. Kusowa ndalama si tchimo, abale anga. Si tchimo ayi.

Kuseri kwa msika, pakhonde la sitolo ina yakale, anapeza mkulu wina wokonza mawotchi, kagalasi kali padiso, tizipangizo tili mbwee pakatebulo. Mayiyo anamufotokozera zonse: za geti, za makasu aja, ndi za ndalama zake zochepa. Mkuluyo anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anapisa m'kabokosi n'kutulutsa wotchi yakale yachitsulo, galasi lake lokalikakalika, yopanda ndi lamba yemwe. Anatsegula kumbuyo kwake n'kumuonetsa timawilo tikuzungulira, kena kakugunda ngati mtima wa mbalame.

"Iyi siidya batire, mayi, imadya zala zanu," anatero. "M'mawa uliwonse muzipukusa kachitsulo ka pambalika mpaka kalimbe. Mukaiwala, iima."

"Siinama?"

"Imatsalira mphindi ziwiri pa tsiku. Muziikonza ndi wailesi m'mawa uliwonse. Ndikakuuzani kuti ilibe chilema, wonama ndine."

Mawu amenewo anamugwira mtima mayiyo. Tsiku lonse aliyense ankatamanda katundu wake, uyu yekha ndiye ananena chilema cha katundu wake. Komabe sanafulumire. Anapempha kuti akhale pakhondepo, wotchi ili m'manja, mpaka kawailesi ka mkuluyo katanena nthawi. Anakhala pansi, fumbi likumuwaza, anthu akumulambalala. Wailesi itanena kuti nthawi ndi 1 koloko, muvi unali pa 1 koloko ndendende.

Anamasula nsonga ya chitenje. Ndalama zinakwana wotchi, koma za lamba panalibe, ndipo za minibasi zinangomufikitsa theka la njira. Kotsalako anayenda pansi. Atafika kwawo anang'amba kansalu kuchitenje chakale, nakapisa m'timakutu ta wotchiyo, naimanga pamkono.

M'mawa mwake kumjigo kunali phwete. Amayi anzake anali atamva kale za kabokosi ka apampando.

"Kukana golide n'kukatola chitsulo cha nthawi ya atsamunda! Amwali, umphawi wina ndi wochita kuufuna."

Iye anangotunga madzi ake n'kumapita.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse akadzuka ankagwada n'kupemphera, akatha n'kupukusa wotchi yake, n'kudikira wailesi inene nthawi kuti akonze mphindi ziwiri zija. Masana 12 koloko ikakwana ankakweza mkono kuti aliyense ofuna aone, n'kupotola geti. Makasu anabwerera kuntchito yake yolima. Kwa miyezi iwiri pageti panali mtendere.

Kenako unafika mwezi wa Okutobala. Dzuwa linakalipa. Mtsinje unaphwera, madzi m'ngalande anachepa mpaka kufika m'kakolo. Ndipo inali nthawi imene mpunga umatulutsa ngala, nthawi imene ukasowa madzi masiku owerengeka umabereka mankhusu okhaokha.

Tsiku lina 12 koloko itatsala pang'ono, apampando anafika pageti ndi anzawo atatu. Anakwinya malaya n'kuonetsa wotchi yawo.

"Pa yanga padakali ola lathunthu, mayi."

"Pa yanga kwatsala mphindi imodzi, bambo."

Apampando anatsitsa mawu. Analoza kandime ka mayiyo, komwe nthaka inali itayamba kung'aluka. "Taonani mpunga wanu womwe. Ola limodzi lokha, ndipo inunso mukolola. Akuonani ndani?"

Mayiyo anayang'ana kandime kake. Kanali chakudya chake cha chaka chonse. Mtima unamupweteka, misozi inalengeza. Anayang'ananso kumunsi, komwe anthu anali ataima m'mphepete mwa ngalande youma, makasu ali paphewa, akudikira. Kenako anayang'ana pamkono pake.

"Yakwana," anatero. Anagwira chigwiriro ndi manja awiri, napotola. Madzi anatembenuka n'kutsikira kumunsi.

Mawa lake anachitanso chimodzimodzi. Mkuja wake chimodzimodzi. Tsiku lachinayi komiti inaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango. Mlandu unali woti wogawa madzi akugwiritsa ntchito wotchi yakufa, yothamanga, yobera anthu a kumtunda nthawi yawo. Mayiyo anapempha kuti abweretse wailesi, aone pamaso pa onse kuti yonama ndi iti. Apampando anati msonkhano si malo omverako nyimbo. Anthu a kumunsi analipo ambiri, koma onse ankagayitsa mpunga pachigayo cha apampando, ndipo chigayo china chinali kutali. Anazyolika. Palibe anamuikira kumbuyo mayiyo.

Anamuchotsa ntchito tsiku lomwelo. M'malo mwake anaika mlamu wake weniweni, mng'ono wa malemu mwamuna wake, munthu wofatsa amene sankadziwa kukana. M'mawa mwake mlamuyo anaoneka pageti, pamkono pake pakung'anima wotchi ya m'kabokosi ija.

Apa ambiri a ife tikanati, ndachita mbali yanga, zotsala adziwa ndi Mulungu. Tikanatseka chitseko n'kumadandaula m'nyumba. Mayiyo sanatero.

Anadzuka monga mwa masiku onse. Anapemphera, anapukusa wotchi yake, anaikonza ndi wailesi. Dzuwa litakwera anapita kugeti n'kukakhala pamtumbira wa ngalande. Geti sanalikhudze, pakuti silinalinso m'manja mwake. Anangokhala, maso ali pamkono. Muvi utafika pamwamba anaimirira, nafuula ndi mawu ake onse:

"Twelofu koloko! Madzi apite kumunsi!"

Mawuwo anayenda pamwamba pa mpunga mpaka kumathero a sikimu. Mlamu wake anayang'ana kumbali ngati sanamve. Geti analipotola patapita maola awiri.

Mawa lake mayiyo anabweranso. "Twelofu koloko! Madzi apite kumunsi!"

Anthu anayamba kunena kuti wapenga. Ena anati ndi nsanje ya ntchito. Antchito a apampando anatseka ndi matope kanjira kolowetsa madzi m'kandime kake, ndipo mpunga wake unafiira, nuuma uli chiimire. Iye anauona ukuuma tsiku ndi tsiku, pakuti njira ya kugeti inkadutsa pomwepo. Analira. Koma akapukuta misozi ankapitirira ulendo wa kugeti.

Ndipo ndinene izi ngakhale zikutiwawa, abale anga: ena a mumpingo mwake momwe anamuyendera n'kumulangiza kuti mayi wopemphera safuula pagulu, akhale chete, asachititse mpingo manyazi, pakuti apampando ndiwo anapereka malata a tchalitchi.

"Ndikhala chete 12 koloko ikasiya kukwana," anawayankha.

Apampando nawo anamuimitsa panjira tsiku lina. "Mayi inu, simukuopa?"

"Ndikuopa, bambo," anatero. "Koma mantha anga sabweza muvi m'mbuyo."

Masiku asanu ndi atatu anafuula yekha. Yekhayekha, padzuwa, popanda malipiro, popanda womuthokoza. Tsiku lachisanu ndi chinayi nkhalamba ina ya kumunsi, yoyenda ndi ndodo, inakwera pang'onopang'ono mpaka pamtumbira paja. Inakhala pansi pafupi naye n'kufunsa kuti nthawi ili bwanji. Mayiyo anaionetsa mkono. Muvi utafika, anaimirira awiri, nafuula awiri, mawu a nkhalambayo akunjenjemera.

Mawa lake anali asanu ndi mmodzi. Mkuja wake anadzaza mtumbira wonse, amayi ndi ana kumsana, amuna amene anazyolika pamsonkhano paja. Makasu anawasiya kunyumba. Palibe anatukwana, palibe anaponya mwala, palibe anakhudza geti. Anangoima phee, akuyang'ana mkono umodzi womangidwa kansalu ka chitenje.

Mlamu uja anali pageti, thukuta lili kamukamu. Apampando anali ataima pambali pake, manja ali m'thumba. Anthu aja anali asanafuule n'komwe pamene mlamuyo anayang'ana wotchi yong'anima ija, nayang'ana khamulo, nayang'ana mkazi wa malemu mkulu wake. Anamasula lamba. Anaika wotchiyo pasimenti ya geti, pafupi ndi mapazi a mwini wake. Kenako anakweza mawu.

"Alamu, nthawi ili bwanji?"

"Yakwana, alamu."

Mlamuyo anagwira chigwiriro, napotola, ndipo madzi anatsikira kumunsi pa nthawi yake.

Musaganize kuti zonse zinasanduka uchi. Ntchito ija sanamubwezere. Apampando anakhalabe apampando, ndipo mpaka lero akakumana naye amayang'ana kumbali. Chaka chimenecho mayiyo sanakolole ngakhale lichero limodzi. Anadya za maganyu, kupeta ndi kupuntha mpunga wa anthu ena. A kumunsi anakolola pang'ono, pakuti masiku aja anawawononga, koma anakolola. Ena anamubweretsera kambale ka mpunga. Ena anaiwala, monga anthu timachitira. Koma kuchokera tsiku limenelo, aliyense amene aikidwa pageti la sikimuyo amadziwa kuti pali munthu wina m'mudzimo amene akudziwa nthawi yeniyeni, ndipo sadzakhala chete.

Tsono abale ndi alongo, ine sindinabwere kudzakugulitsani mawotchi. Ndikunena za chikumbumtima chanu. Mulungu anaika mwa inu kanthu kamene kamadziwa kuti apa pakwana, apa palakwika. Kameneko musalole munthu wina akugulireni. Aliyense amene akuvekani chikumbumtima chake, tsiku lina adzabwera kudzakuuzani kuti padakali ola limodzi, ndipo mudzavomera, chifukwa pakamwa panu padzakhala pali m'thumba mwake. Angakhale bwana wanu kuntchito. Angakhale wachibale amene amakuthandizani. Angakhale munthu wovala bwino amene amakhala kutsogolo muno. Mulemekezeni, mupatseni moni, mupempherereni. Koma chikumbumtima chanu chikhale chanu ndi Mulungu wanu.

Ndipo dziwani kuti sichiyenda chokha. Chimafuna dzanja lanu tsiku ndi tsiku, pa maondo. Chimatsalira m'mbuyo, inde, changa chomwe chimatsalira, n'chifukwa chake timachiyika pafupi ndi Mawu a Mulungu m'mawa uliwonse kuti chikonzedwe. Mukachisiya sabata imodzi chiima, ndipo mudzayenda nacho chili chakufa, mukumauza anthu nthawi ya dzana.

Mwina mwakhala muno mukudziona wochepa. Mulibe udindo, mulibe sukulu, mawu anu pamsonkhano sawerengedwa. Mwina anakuchotsani kale pamalo pamene munali chifukwa munakana kunama. Imvani bwino. Angakulandeni ntchito. Angakutsekereni madzi. Angakutcheni wamisala, ndipo abale anu omwe angakuuzeni kuti mukhale chete. Koma palibe komiti pansi pano imene ingavote kuti bodza likhale choonadi. Palibe chuma chimene chingagule Mulungu kuti asinthe nthawi yake.

Choncho mawa mukadzuka, gwadani, konzani mtima wanu, ndipo pitani mukaime pamene Mulungu anakuikani. Pakalakwika, nenani kuti palakwika. Nenani mwaulemu, nenani popanda mwala m'manja, koma nenani mokweza. Mukakhala nokha, nenani nokha. Mawu anu akanjenjemera, anjenjemere, koma atuluke. Amene ali kumwamba akumva, ndipo Iye sanachedwepo ndi mphindi imodzi yomwe.

Amen.